Njinga ya Moto: Ya pa Mseu Kapena ya m'Chire?

Masika akafika, alimi a ku Lundazi atagulitsa thonje, soya, nshawa ndi cimanga cao, ambiri amafika pa Boma ndi ndalama m'thumba pofuna kugula njinga ya moto. Ena amaicha mthuthuthu potsata kulira kwace. Ena amangoti honda, lingakhale dzina lolembedwa pa thanki ndi lina. Kwa mabanja ambiri njinga yotere ndiyo cuma cacikulu cimene adzagula, kupatula ng'ombe ndi malata a nyumba. Ikasankhidwa bwino imafikitsa wodwala ku cipatala pakati pa usiku, imatenga feteleza ku Boma tsiku lomwelo, ndiponso imabweza ndalama zace. Ikasankhidwa molakwa imatsamira pa khoma la nyumba, nkhuku zikugona pa cishalo cace, pamene ngongole yace ikali yosatha kulipira. Cifukwa cace nkwabwino kuti wogula adziwe mitundu ya njinga asanaturutse ndalama.

Mitundu iwiri ya njinga

Opanga njinga za moto amazigawa m'magulu ambiri, koma awiri ndiwo amene amazunguza mutu wa wogula. Gulu loyamba ndilo la njinga za pa mseu, zimene Azungu azicha roadster. Njinga yotere ndi yofupika, cishalo cace ciri pansi, mawilo ace awiri ngofanana msinkhu, ndipo matayala ace ali ndi mizere yosaya yogwira bwino pa phula. Wokwerapo amakhala mowongoka ngati pa mpando, ndipo akaima mapazi ace onse awiri amaponda pansi. Njinga zazing'ono za ku India ndi ku China zimene zadzaza m'misika ya Chipata ndi Lundazi, monga Bajaj Boxer ndi TVS, ziri za banja limeneli, ngakhale kuti opanga anazilimbitsa kuti zisenze katundu.

Gulu laciwiri ndilo la njinga zoyendera maulendo atali pa miseu yoipa, zimene Azungu azicha adventure. Njinga yotere ndi yaitali miyendo ngati kakowa. Wilo lace la kutsogolo ndi lalikulu koposa la kumbuyo, masipuling'i ace ngatali, injini yace iri kutali ndi nthaka, ndipo matayala ace ali ndi ziphuphu zoluma dothi. Koma m'gulu limeneli muli ana awiri osiyana ndithu, ndipo ambiri amalakwa powasokoneza. Wina ndi njinga yaikulu ya alendo, monga BMW GS kapena Honda Africa Twin, imene injini yace imafika pa 1,000cc kapena kupitirira. Wina ndi njinga yaing'ono ya nchito, monga Honda XL ndi XR, kapena Yamaha AG200 ndi DT125, zimene alangizi a zaulimi ndi anchito a zaumoyo akhala akukwera m'midzi zaka zambiri.

Kumene njinga za m'chire zinacokera

Kale njinga zonse za moto zinali za pa mseu, ndipo ndizo zimene anthu olimba mtima anadutsa nazo Africa miseu isanakonzedwe. Mu December 1934 akazi awiri a ku England, Theresa Wallach ndi Florence Blenkiron, ananyamuka ku London pa njinga ya Panther yokhala ndi ngolo pambali, naoloka cipululu ca Sahara, nafika ku Cape Town mu July 1935. Kuyambira 1973 kufikira 1977 mlembi wina dzina lace Ted Simon anazungulira dziko lonse lapansi pa Triumph ya 500cc, imene inali njinga wamba ya pa mseu, ndipo anadutsa Africa kucokera kumpoto kufikira kumwera.

Njinga zazitali miyendo za maulendo zinachuka pambuyo pace, makamaka cifukwa ca mpikisano wa magalimoto ndi njinga wocokera ku Paris kunka ku Dakar, umene unayamba mu December 1978. Woyamba kupambana pa njinga anali Cyril Neveu wa ku France, atakwera Yamaha XT500. Mu 1980 kampani ya BMW ya ku Germany inaturutsa njinga yochedwa R80 G/S, ndipo zilembo ziwiri zotsirizazo ziimira mau a Cijeremani otanthauza chire ndi mseu, ndiko kunena kuti njinga imodzi yoyenda ponse pawiri. Honda inatsatira ndi Africa Twin mu 1988. Mu 2007 Ewan McGregor ndi Charley Boorman anayenda pa njinga zazikulu za BMW kucokera ku Scotland kufikira ku Cape Town, napyola m'Malawi ndi m'Zambia, ndipo zithunzi za ulendo wao zinaonetsedwa m'maiko ambiri. Komatu iwo anali ndi magalimoto owatsata, onyamula zitsulo ndi anthu owathandiza.

Nthawi zina alendo okwera njinga zazikulu zotere amafika ku Lundazi nagona pa Castle Hotel, nyumba ija ya nsanja imene Bwana Errol Button, amene anali DC, anamangitsa pafupi ndi caka ca 1950. Anyamata amazinga njingazo, nasirira mabokosi ace ndi nyali zace, ndipo palibe colakwa posirira. Koma mlendo uja amadutsa kamodzi, m'cilimwe, nasankha yekha tsiku ndi njira. Munthu wa pamudzi amayenda mseu womwewo caka conse, ndipo matenda a mwana sayembekeza kuti mvula ikate.

Miseu itatu ya dziko la Lundazi

Funso loyamba la wogula likhale la mseu umene adzayendapo masiku onse, pakuti miseu ya dziko lino iri ya mitundu itatu. Woyamba ndiwo mseu wa phula wocokera ku Chipata, wa makilomita pafupi-fupi 180. Pamenepo njinga ya pa mseu iri kwao: imayenda mosalala, imamwa petulo pang'ono, ndipo matayala ace amakhalitsa. Mdani wace ndi maenje amene mvula imakumba m'phula, ndi magalimoto akulu onyamula mbeu.

Waciwiri ndiwo miseu ya dothi ya pamtunda, yonka kwa Mwase, ku Emusa, ku malire a Malawi pa Lusuntha, ndi tinjira tosawerengeka tolowa m'midzi ndi m'minda. M'cilimwe miseu imeneyi imakhala youma, ya pfumbi, ya mabampu ang'ono-ang'ono ogwedeza mano, ndi mcenga m'malo otsika. M'dzinja, kuyambira December kufikira March, katondo amaterera ngati sopo, madzi amakumba ngalande pakati pa mseu, ndipo madambo amadzala. Njinga ya pa mseu imapita ndithu pa miseu yotere, ndipo mazana a izo zimapitapo tsiku ndi tsiku, koma imafuna dzanja lodekha.

Wacitatu ndiwo njira zotsikira ku cigwa ca Luangwa, kwa Kazembe, kwa Chitungulu ndi kwa Mwanya, maiko amene kuyambira 2018 ali m'boma latsopano la Lumezi, monga momwe dziko la kumpoto linakhalira boma la Chasefu caka comweco. Kumeneko njira imatsika m'mapiri a miyala, nifika pa mitsinje ya mcenga wakuya, ndi pa dothi lakuda la makande limene m'cilimwe limang'ambika ndi kuuma gwa, pamene m'dzinja limamata ngati ulimbo. Mvula ikalimba, malo ena a m'cigwa safikika ndi cokwera ciri conse ca mawilo.

Mwa ici munthu aziyesa njinga ndi mseu wace wa mu February, osati wa mu August. Njinga iri yonse imaoneka yabwino mwezi wogula, pakuti ndalama za mbeu zimabwera nthawi imene miseu iri youma.

Nchito ya miyendo yaitali

Ubwino wa njinga ya m'chire uli m'zinthu zinai. Coyamba ndi wilo la kutsogolo. Njinga za pa mseu zimakhala ndi mawilo a mainchesi 17 kapena 18, pamene za m'chire ziri ndi la kutsogolo la mainchesi 19 kapena 21. Amene anakankhapo wilibala nayendetsanso ngolo ya ng'ombe adziwa kusiyana kwace: wilo laling'ono limagwera m'dzenje nkukakamira, lalikulu limangodumpha pakamwa pa dzenjelo. Caciwiri ndi masipuling'i atali, amene amameza bampu lisanafike pa msana wa wokwera. Cacitatu ndi mpata wa pakati pa injini ndi nthaka. Pa njira imene ngolo ndi magalimoto zakumba mikwasa iwiri nkusiya mtumbira pakati, njinga yofupika imagunda mimba yace pa mtumbirawo kapena pa citsa, ndipo injini ikaboka oilo amathera pansi.

Cacinai ndi cinthu cimene ogula ambiri sacipenya nkomwe, ndico cochinga matope ca pa wilo la kutsogolo. Pa njinga ya pa mseu cimakhala cogundana ndi tayala; pa ya m'chire cimakwezedwa m'mwamba. M'dothi la makande matope amaunjikana pakati pa tayala ndi cochingaco kufikira wilo litaleka kuzungulira, ndipo wokwera amagwa, kapena amatsika kukatokosa matope ndi kamtengo pa mtunda uli wonse waufupi. Kunena za mawilo, a masipoko ndiwo oyenera miseu yoipa, cifukwa akapindika mmisiri wa njinga amawaongola. Mawilo oumbidwa ndi citsulo cimodzi amaoneka okongola, koma akagunda mwala mwamphamvu amang'aluka, ndipo mankhwala ace ndi kugula lina.

Koma walira mvula walira matope. Matayala a ziphuphu amatha msanga pa phula, amalira, ndipo sagwira bwino phula likanyowa. Cishalo cacitali cimabvuta munthu wamfupi, amene akaima amangoponda ndi zala za phazi limodzi. Ndipo munthu amene sangathe kuponda pansi molimba amagwa kawiri-kawiri pa malo oterera, ingakhale njinga yace ndi yabwino cotani. Mai wobvala citenje, nkhalamba, kapena wodwala amakwera mobvutika pa njinga yaitali. Ndiponso thumba la cimanga likamangidwa pamwamba pa njinga yaitali kale, kulemera konse kumakhala m'mwamba, ndipo njinga imapendama msanga pokhota. Cishalo cacitali m'litali, cafulati ndi cofupika msinkhu, ca njinga zazing'ono za pa mseu ndico cifukwa cace onyamula anthu pa malipiro amazikonda.

Kulemera ndi petulo

Pa nkhani ya kulemera mpamene njinga yaikulu ya alendo imasiyana kotheratu ndi mbale wace wamng'ono. BMW R1250GS yodzala petulo imalemera makilogalamu pafupi-fupi 250, ndiwo matumba asanu a cimanga. Njinga yaing'ono ya 125cc kapena 150cc, ikhale ya pa mseu kapena ya m'chire, imalemera ngati theka la pamenepo. Pa mseu woipa palibe wokwera amene sagwa, ndipo funso ndi lakuti atagwa adzaidzutsa ndani. Njinga yaing'ono munthu mmodzi amaidzutsa, naikankha mu mcenga, ndipo anyamata anai amatha kuinyamula pa mitengo ndi kuiolotsa mtsinje. Yaikulu ikagona m'matope, mwini wace amayamba wapita kumudzi kukapempha anthu.

Petulo nayenso ali ndi mau. Njinga yaing'ono yosamalidwa bwino imayenda makilomita 35 kapena 40 pa lita imodzi, ndipo zina zimapitirira. Yaikulu imayenda pafupi-fupi 20. Ulendo wa ku Chipata umene yaing'ono imatha ndi malita asanu, yaikulu ifuna asanu ndi anai. Mphamvu ya injini yaikulu iri ndi nchito pa mseu wautali woongoka, monga wa ku Lusaka, koma pa kanjira ka m'munda wokwera sangagwiritse nchito ngakhale limodzi la magawo anai a mphamvuyo, ngakhale kuti analipira yonse.

Zitsulo ndi makanika

Pali funso lina loposa onsewa, ndilo lakuti njinga ikafa adzaiukitsa ndani, ndi zitsulo zocokera kuti. Njinga yabwino koposa ndi imene unyolo wace, mabuleki ace, zingwe zace ndi matayala ace zipezeka m'sitolo za pa Boma, ndipo makanika wa pansi pa mtengo anaimasulapo kambiri. Njinga zazing'ono zambiri zimazizira ndi mphepo, ndipo mkati mwace mulibe cinsinsi. Zazikulu zamakono ziri ndi kompyuta yolamulira petulo ndi mabuleki, ndipo ikadwala ifuna makina oiyeza amene sapezeka m'midzi. Kacitsulo kamodzi kangathe kuyembekezedwa milungu yambiri kucokera ku Lusaka kapena ku South Africa. Ngakhale pakati pa njinga zazing'ono kusiyana kulipo: za ku Japan zimakhalitsa koma mtengo wace ndi wa zitsulo zace ngwokwera, pamene za ku India ndi ku China nzochipa ndipo zitsulo zace ziri ponse-ponse, ngakhale kuti zina mwa zitsulozo sizikhalitsa. Wogula njinga yakale kwa mnzace akumbukire kuti cikome-kome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Apite ndi makanika, amve kulira kwa injini isanatenthe, apenye utsi, ndipo aone mapepala ace.

Phunziro labwino licokera kwa anchito a zaumoyo. Bungwe la Riders for Health, limene anayambitsa Barry ndi Andrea Coleman pamodzi ndi katswiri wa mpikisano Randy Mamola, linayamba ataona njinga zambiri za zipatala za mu Africa zitafa zikali zatsopano, cifukwa cosowa cisamaliro cacing'ono. Njira yao ndiyo kuphunzitsa wokwera kuyendera njinga yace m'mawa uli wonse, ndi kusintha zitsulo pa nthawi yace zisanathyoke. Njinga imene akhala akugwiritsa nchito kwambiri ndi Yamaha AG200, imene inapangidwira alimi a ku Australia ndi New Zealand: siithamanga, koma unyolo wace ngwobvundikira kuti pfumbi ndi matope zisaudye, ndipo iri ndi makaliyala kutsogolo ndi kumbuyo. Pa miseu ya pfumbi ngati ya Lundazi, sefa ya mpweya yosatsukidwa imapha injini msanga koposa mwala uli wonse, pakuti pfumbi likalowa mkati limapala citsulo pang'ono-pang'ono. Oilo wosinthidwa pa nthawi yace, unyolo womangidwa bwino, ndi mpweya wokwanira m'matayala ndizo zimatalikitsa moyo wa njinga ya mtundu uli wonse.

Anthu atatu, njinga zitatu

Pali mphunzitsi kapena wamalonda wokhala pafupi ndi mseu waukulu, amene maulendo ace ndi a pa Boma ndi a ku Chipata, ndipo amanyamula mkazi wace kumbuyo. Iyeyu akagula njinga ya ziphuphu adzangotaya ndalama pa matayala. Yomuyenera ndi ya pa mseu.

Pali mlimi wa pamtunda, amene mudzi wace uli makilomita khumi kapena makumi awiri kucokera pa phula, ndipo amafuna kunyamula matumba ndi anthu. Kwa iye njira ya pakati ndiyo yanzeru: njinga yaing'ono yolimba ya pa mseu, ya mawilo a masipoko, imene waibveka matayala oluma dothi pang'ono, naikapo citsulo cochinga mimba ya injini. Masiku owerengeka a mvula yaikulu adzayembekeza kuti mseu uume, ndipo kuyembekezako kudzamchipira koposa kugula njinga ya mtengo wowirikiza.

Pali mlangizi, wanchito wa cipatala, mbusa kapena wogula mbeu, amene nchito yace imamtuma ku cigwa ndi ku midzi ya kutsidya kwa madambo, mvula ikhalepo kapena ai. Iyeyu asanyengedwe ndi kuchipa. Afunika njinga yaing'ono ya miyendo yaitali, pakuti tsiku limodzi lolephera kufika lingathe kukhala tsiku limene ana a mudzi wonse anayembekeza katemera pacabe.

Njinga yaikulu ya alendo iri ndi mwini wace nayonso: munthu wa ndalama, wamtali ndi wozolowera, wofuna kuyenda kucokera ku Lusaka kunka ku mapiri a Nyika kapena ku nyanja, ndi katundu wa milungu iwiri. Pa nchito imeneyo palibe ina yoiposa. Koma si khasu la tsiku ndi tsiku.

Lamulo ndi moyo

Pa ndalama zogulira njinga, wogula apatule za zinthu zimene siziikidwa pa mtengo wa m'sitolo. Lamulo la Zambia lifuna kuti njinga ya moto ilembetsedwe ku RTSA ndi kukhala ndi nambala, ikhale ndi inshuwalansi, wokwera akhale ndi laisensi, ndipo abvale cisoti colimba. Cisoti cigulidwe ca anthu awiri, pakuti mutu wa wokwera kumbuyo suli wolimba koposa wa woyendetsa. Nsapato zotseka ndi zobvala zocindikala zimapulumutsa khungu, ndipo citenje kapena nsaru yolendewera ipindidwe bwino kuti isalowe m'masipoko. Palibe njinga, ingakhale yaitali cotani, yoyenera kulowa nayo mu mtsinje wodzala: madzi akafika polowera mpweya injini imafa pomwepo, ndipo madzi othamanga ofika m'maondo amagwetsa munthu pamodzi ndi njinga yace. Anthu a pafupi ndi dooko amadziwa tsiku loyenera kuoloka, ndipo safunsa anadya phula.

Cotero wopita kukagula njinga ayambe wayankha mafunso anai ali kwao: mseu wace umakhala wotani mu February, adzanyamula ciani ndi yani, angathe kuidzutsa yekha ikagwa, ndipo zitsulo zace adzazipeza kuti. Akafika m'sitolo akhale pa cishalo aone ngati mapazi ace aponda pansi, ndipo asanalipire apite kwa amakanika a pa msika awafunse kuti ndi njinga iti imene imawabweretsera nchito kawiri-kawiri, ndi iti imene amaiona kamodzi-kamodzi.